Mabuleki a Kamvuluvulu pa Maliro a Atsibweni

Amene akufuna kuseka aseke tsopano, ndimuone mano adakali m'kamwa, chifukwa ndikamaliza nkhaniyi ena a inu mubwerera kwanu mukukankha njinga zamotozo ndi manja chifukwa cha mantha. Iwe wa chisoti chong'alukawe, ndakumva ukunong'oneza mnzako kuti chimene mwatsamirachi ndi khola la nkhuku. Chotsa chigongono pamenepo. Nkhuku zimagonamo, inde, sindikukana, koma zimagonamo mwaulemu, zikudziwa kuti zalowa mwa ndani. Uyu ndi Kamvuluvulu, galimoto imene apolisi apamsewu kuyambira ku Sinda mpaka kuno ku Vubwi ankaidziwa ndi fungo lokha poti ndi maso sanaionepo, ndipo ine amene ndikulankhula nanu ndine Lingisoni Banda, mwini wake, munthu yekhayo amene anaiimitsa. Ndati kuiimitsa, mukumva? Kuthamangitsa galimoto ngakhale mbuzi ingathe mutaipatsa kiyi.

Ndinaitenga kwa munthu wina wa ku Lusaka amene ankachita nayo mipikisano, ndipo tsiku limene ankandipatsa makiyi anangondiponyera n'kuthawa ngati munthu wogulitsa ng'ombe yogunda. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri, yogwada pansi moti nyerere zinkawerama ikamadutsa, ndipo injini yake ikangotsokomola mango osapsa ankayoyoka m'mitengo. Ndikanyamuka pa Katete nditaliza hutala, ndinkafika ku Sinda, kugula nzimbe, kudya, kulavula makoko, kufunsa anthu za moyo, ndiye kenaka kulira kwa hutala kuja n'kumafika pambuyo kuli wefuwefu. Wailesi m'menemo sinkagwira chifukwa nyimbo zinkatsalira m'mbuyo. Tsiku lina ndinachoka Lachitatu masana n'kukafika ku Chipata Lachiwiri, mpaka ndinadzipeza ndekha ndikugula matayala, ndipo tinapatsana moni bwinobwino. Koma zimenezo n'zazing'ono, si zimene ndakukhazikirani pansi.

Chilema cha Kamvuluvulu chinali chimodzi: miyendo inali ya mphezi koma mabuleki anali a ngolo. Masiku amenewo ndinali ndi galaji yanga pa Katete, ndipo ndinkakhala kumeneko ndi mkazi wanga, a Nambewe, amene kwawo ndi mudzi uno, m'munsi mwa chitunda chachitali mukuchionachi. Tsiku lina tikubwera kudzaona abale, titangotulukira pamwamba apo, ndinaona nthambi zaziwisi zitagonekedwa pamsewu. Nonse ndinu ana a kuno, mukudziwa chimene masamba amenewo amanena: pamudzi pali maliro, wa njinga atsike, wa chipewa avule, wa galimoto ayende ngati akuponda mazira. Ine ulemu ndimaudziwa, ndinabadwa nawo, ndipo ndinaponda buleki nthawi yake yeniyeni, koma mapadi, tizitsulo togwira matayala, anali atapsa ndi zitunda za m'njira, mafuta a mabuleki atawira m'mapaipi, ndiye phazi langa linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda dzungu lowola. Tinadutsa pakati pa mudzi ngati mwala wa legeni, mphepo yathu inanyamula masamba onse aja, mipango ya amayi, mabuku a nyimbo pamodzi ndi nyimbo yomwe ankaimbayo, moti kwaya inatsala yangoyasama kukamwa mawu atapita, ndipo mipango ina inakatoledwa ku Mozambique. Palibe amene anapweteka, koma fumbi linakwirira olira onse mpaka sankadziwika kuti wamasiye ndi uti. Galimoto inakaima yokha pa malire a Malawi. A Nambewe anatsegula chitseko, anamanga chitenje, n'kubwerera wapansi osandiyang'ana.

Nkhani inakafika kwa atsibweni awo, a Gelesomu, mkulu wa mpingo, munthu woonda ngati bango, wa chifuwa chosatha, amene asanagamule chilichonse ankayamba watsokomola kamodzi, khe! Kwathu kuno mukudziwa kuti mkazi ndi wa atsibweni ake, iwe mwamuna unangobwereka. Anandikhazika padzuwa iwo ali pamthunzi.

"A Banda," anatero atatsokomola, "mwana wathuyu sitinamupereke kwa mphepo. Akhala konkuno. Tsiku limene masamba adzagonenso pamsewu uwu, mudzabwere nacho chilombo chanucho. Chikadzaima tayala lisanakhudze tsamba, mkazi ndi wanu. Chikadzaponda ngakhale limodzi, musadzaonekenso kuno, ngakhale atakhala maliro anga."

Ndinabwerera ku Katete ndekha, mpando wa kumanzere uli pululu, ndipo ine amene sindinalirepo ngakhale tsiku limene ndinabadwa ndinalira njira yonse. Misozi yake ndinathira mu ledieta m'malo mwa madzi oziziritsa injini, inakwana n'kutsalako.

Ndiye ndinayamba kusakasaka mabuleki. Musaganize kuti ndi nkhani yolowa m'sitolo n'kuloza ndi chala ngati ukugula sopo, ayi, galimoto ya liwiro siimitsidwa ndi chilichonse chimene chili ndi dzina la buleki. Poyamba ndinaganiza zachimudzi: ndinamangirira pulawo kumbuyo ndi unyolo kuti ndikafuna kuima ndizingoiponya pansi. Ndinakayesera pa msewu wa ku Mkaika, ndipo pulawoyo inalowa m'nthaka mpaka m'zigwiriro, koma Kamvuluvulu sanamve n'komwe, anangolima mzere umodzi wautali kudutsa m'midzi, m'madimba, pa bwalo la mpira ndi pakati pa madoda awiri amene ankakangana za malire a munda, moti mkangano wawo unathera pomwepo, ndipo pobwerera ndinapeza amayi atabzala kale mtedza mumzeremo, ena akupalira. Anandithokoza kwambiri, koma ine sindinkafuna mtedza.

Kenaka ndinakachotsa mabuleki a mphepo pa lole ina yakufa ku Sinda, aja amapuma tsssss akamaima, ndipo poti kutsogolo sankakwana ndinawaika kumbuyo. Nditaponda pafupi ndi msika, kupuma kwake kokha kunasosola nkhuku zonse zamalonda zili zamoyo, matayala akumbuyo anauma gwa akutsogolo akuthamangabe, ndiye galimoto inazungulira ngati nguli, inazungulira, inazunguliranso, mpaka poima ndinapezeka ndayang'ana ku Lusaka, malaya nditavala chakumbuyo, nsapato ya kumanja ili kumanzere. Mphamvu ya buleki iyenera kukhala kutsogolo, kumene kulemera konse kumagwera ukamaima. Zimenezo ndinkazidziwa kale, ndinkangofuna kutsimikiza.

Nthawi yonseyi mtima unali m'malere, mukumva? Foni ikangolira ndinkailumphira, poganiza kuti mwina wina watisiya ku Vubwi ine mabuleki ndisanawapeze. Palibe mkamwini m'dziko muno amene anapemphererapo nkhalamba za kuchikazi ngati mmene ndinachitira ine. Ndinkazitchula mayina imodziimodzi m'mawa uliwonse, ndinkatumiza uchi ndi mandimu pa minibasi, ndikamva kuti wina wayetsemula kuno ine tulo tinkathawa ku Katete.

Mapeto ake ndinapita kwa Che Saidi, wamalonda wachisilamu amene anali ndi sitolo ya zitsulo za galimoto pa Katete, wobadwira ku Malawi koma wokulira pompo, munthu wa kapu yoyera amene sankathamangira chilichonse. Anamvetsera nkhani yanga yonse akusisita ndevu, kenaka anatsitsa makatoni pa shelefu n'kuwayala pa tebulo.

"Manje a Banda, onani bwino," anatero. "Aya ni mapadi ofewa, a m'tauni. Agwira ngakhale kuzizire bwanji, ndipo alibe phokoso, koma mukawapanikiza pa chitunda chitali apsa, ndiye ni yamene anakuchititsani manyazi. Aya ena ni a mpikisano. Akatentha agwira monga ng'ona, koma akazizira ni sopo chabe, ndipo alira monga nkhumba, pepani kutchula. Ine ninena kuti tengani aya apakati, si olusa, si ofewa."

Apakati! Ine Lingisoni Banda, apakati! Ndinamuuza kuti a Gelesomu sananene kuti galimoto idzaime pakatikati, anati idzaime. Ndinatenga a mpikisano aja, ndinatenga madisiki, mbale zachitsulo zimene mapadi amaluma, aakulu ngati malichero, obooledwa timabowo totulutsira moto, moti anakana kulowa m'malimu akale a matayala mpaka ndinasintha malimu onse, ndinatenga mapaipi okulungidwa ndi waya amene satupa ukaponda, ndi mafuta a mabuleki amene ngakhale utawaika pa ng'anjo ya njerwa amangokuyang'ana osawira. Che Saidi anandiperekeza mpaka pakhomo.

"Muwazoloweze pang'onopang'ono, adziwane ndi disiki," anatero. "Osapita nawo pa chitunda akali atsopano, a Banda. Ndipo osaiwala, akazizira sagwira."

Ndinamanga zonse tsiku lomwelo. Koma pali ntchito imodzi imene imatsala ukasintha mapaipi, yochotsa mpweya, chifukwa kampweya kakang'ono kakabisala m'menemo buleki imafewa ngati thonje pa nthawi imene ukuifunitsitsa. Ntchito imeneyo ndi ya anthu awiri: wina amakhala pampando kupopa buleki ndi phazi, wina amagona pansi ndi sipanala kumasula kanati kuti mpweya utuluke. Zaka zonse za ukwati wathu wokhala pampando anali a Nambewe. Ine ndili pansi ndinkafuula kuti, "Popani!" iwo n'kupopa, ndikati, "Gwirani!" iwo n'kuyankha kuti, "Ndagwira, a Banda, fulumirani, mwendowu si wa boma." Tsiku limenelo ndinalowa pansi pa galimoto, ndinagwira sipanala, ndipo mwa chizolowezi ndinafuula kuti, "Popani!" Kunali zii. Ndinagona pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana chitsulo. Kuitana munthu wina kuti akhale pampando umenewo mtima unakana. Ndiye ndinachita ndekha: kuponda buleki, kudumpha, kulowa pansi, kumasula, kumanga, kubwerera pampando buleki isanadziwe kuti phazi lachokapo. Liwiro limenelo ndinali nalo, koma pansi pamtima ndinkakayika ngati mpweya wonse unatuluka.

M'mawa mwake, mwezi wa Juni, kukuzizira koti mawu ankauma ukangowatulutsa mpaka mnzako ankachita kuwaotcha kuti amve, foni inalira. Anali a Nambewe, amene chichokereni sanandilankhulepo.

"Atsibweni anatisiya dzulo," anatero. "Tikuika lero dzuwa likafika pamutu."

Ndipo anadula.

A Gelesomu! Pa nkhalamba zonse zimene ndinkazitumizira uchi, anayamba ndi iwowo, ngati anachitira dala kuti adzaone okha. Ndinayang'ana dzuwa, linali litakwera kale. Ndinayang'ana mabuleki, atsopano, osazolowerana ndi disiki, ozizira ngati mphuno ya galu. Mawu a Che Saidi anandibwerera onse. Ndinathamangira kumsika, ndinagula tsabola wa kambuzi dengu lonse, ndinamusinja n'kupaka pa mapadi mpaka chitsulo chinayamba kutuluka thukuta, ndinafunditsa matayala mabulangete, koma nditagwira disiki inali yofunda pang'ono chabe ngati chipumi cha munthu wachimfine. Nthawi yodikira panalibe. Ndinavala jekete lakuda, ndinaliza injini, ndinalowa msewu wodzera ku Chadiza.

Ndisanapite patali mbuzi inatulukira pamsewu. Ndinaponda. Sopo! Sopo weniweni, abale anga, galimoto sinachepetse ngakhale pang'ono, ndipo mbuziyo inapulumuka chifukwa inalumpha n'kulowa pa windo la kumanja n'kutulukira la kumanzere, potuluka itandidyera kolala ya jekete. Thukuta linanditsika m'nyengo yozizira. Ndikanakhala wamantha ndikanatsika pomwepo n'kukwera minibasi, koma a Gelesomu anati ndibwere nacho chilombo, ndipo kufika wopanda galimoto kukanakhala kuvomera kuti mkazi ndamutaya. Ndiye ndinachita chimene palibe dalaivala anachitapo: phazi lamanja ndinaponda moto, lamanzere ndinaponda buleki, onse awiri nthawi imodzi, osachotsa, kuti mapadi azikhuzana ndi disiki njira yonse mpaka atenthe. Kamvuluvulu anabangula, analimbana yekhayekha ngati ng'ombe ziwiri zomangidwa pagoli limodzi ina itayang'ana kum'mawa ina kumadzulo, chiwongolero chinkagwedezeka mpaka mano anga ankaimba, ndipo ine ndinkangoti, tentha mwanawe, tentha!

Pofika ku Chadiza fungo la kambuzi wopserera linayetsemulitsa boma lonse. Titapitirira, madisiki anafiira, kenaka anayera, moto ukutuluka m'timabowo tija, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za m'mbali mwa msewu chinayamba kuphulika kusanduka mbuliwuli, ana akutola m'malaya, zovala zimene amayi anayanika zinauma n'kusitidwa zili pachingwe, ndipo kamtsinje kena nditawoloka kanawira mpaka nsomba zinayandama zitapsa kale, ena amati zinali ndi tsabola womwe. Inu mukuseka, koma ine sindinkaseka. Dzuwa linali likuyandikira pamutu, mwendo wamanzere unali utachita dzanzi, kamuvi ka petulo kankatsika ndikukaona, ndipo funso limodzi linkandidya: kodi kampweya kaja kanatuluka?

Ndiye ndinatulukira pamwamba pa chitunda icho. Tembenukani muchione. Mwachiona kutalika kwake? Nthawi imeneyo chinali chotalika kuposa pamenepo, ndikuuzani chifukwa chake.

Pansi, pamalo pomwe takhala pano, panali masamba, nthambi za mango zaziwisi zitagona mopingasa. Koma si masamba amene anandiumitsa magazi. Ndinali nditachedwa. Mwambo wa panyumba unali utatha, ndipo maliro anali atanyamuka kale kupita kumanda, amene mukudziwa kuti ali tsidya lino la msewu. Kuseri kwa masamba aja, kungodumpha kamodzi, gulu lonse linali likuwoloka: madoda atasenza bokosi pamapewa, amayi a mpingo atavala zoyera ndi zakuda akuimba pang'onopang'ono, nkhalamba za ndodo, amayi obereka ana kumbuyo, msewu wonse wadzaza, ndipo kumbuyo kwenikweni kwa bokosi kunali a Nambewe, opanda nsapato, atagwira kumutu. Kumanzere kunali chigwembe, kumanja chulu chachikulu ngati tchalitchi. Kokhotera kunalibe. Ulendo woyamba ndinaulutsa mipango, ulendo uno ndikanaulutsa anthu, ndipo woyamba kumugunda akanakhala yemwe ndinadzera.

Ndinachotsa phazi pa moto. Ndinagwira chiwongolero mpaka zala zinalowa m'chitsulo, zipsera zake zikadalipo, mukasuzumira muziona. Ndinaponda buleki ndi mapazi onse awiri.

Inafewa.

Mukumva? Inafewa! Phazi linayamba kutsika, kutsika, ngati tsiku lija la dzungu lowola, chitunda chikutha, masamba akukula, ndinayamba kuona nkhope za anthu, wina akutembenuka, wina akutsegula pakamwa, mayi wina akukumbatira mwana, onyamula bokosi ataima njii pakati pa msewu poti ndi maliro sungathawe nawo, ndipo a Nambewe anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso kudzera pagalasi, osasuntha, osaphethira. Pamenepo sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinangomva pakamwa panga pakufuula ngati ndili pansi pa galimoto ku Katete kuti, "Popani!" ndipo miyendo yanga inapopa, inapopa, inapopa, ndinafuulanso kuti, "Gwirani!" ndipo ndikulumbira pali amayi anga amene anagona ku Sinda, ndinaona milomo ya a Nambewe ikuyenda patali paja, ndipo m'khutu mwanga ndinamva kuti, "Ndagwira."

Buleki inauma ngati mwala. Mapadi analuma.

Kulira kwake! Che Saidi anati nkhumba, koma sanawamvepo atadya kambuzi. Analira mokweza, motalika, mwachisoni chodula mtima, ndendende mmene amalirira mayi wochokera kutali akamayandikira nyumba ya maliro, moti amayi onse aja, m'malo mothawa, anaganiza kuti kwafika mbale wa malemu amene uthenga unamupeza mochedwa, ndipo anayankha onse pamodzi, mayo ine, mayo ine, galimoto ikulira iwo akulandira, mpaka abusa anatulutsa kansalu. Ndipo Kamvuluvulu anakumba. Matayala anagwira msewu n'kuukwinya ngati mkeka, msewu unakoka chitunda, chitunda chinagwada n'kusendera kufupi ndi mudzi, n'chifukwa chake lero chinafupikako, ndipo anthu a kuseri kwake anadzuka mawa lake akuona dzuwa msanga. Galimoto inkaima koma zonse zimene zinali pa iyo sizinauzidwe: penti yofiira inasupuka yonse n'kupitirira yokha pamwamba pa mitu ya anthu mpaka inakamata pa chulu, pitani mukachione, n'chofiira mpaka lero, chithunzithunzi chake chinadutsa pansi pa mapazi a olira n'kukagwidwa pa malire a Malawi chifukwa chopanda chiphaso, mabatani a jekete langa anathothoka n'kuboola galasi, mano anga akutsogolo awa mukuona palibewa sanagwe ndi ukalamba, anatsogola tsiku limenelo ndipo sanabwerere. Dziko lenilenilo linagwedezeka n'kuima kaye kuzungulira, dzuwa linachita dzandi kumwamba, mbalame zinagwa m'mitengo chifukwa mitengo inaima mwadzidzidzi.

Kenaka zii.

Fumbi linatsika pang'onopang'ono. Palibe amene anatsokomola, palibe mwana amene analira. Ine ndinali ndikadagwira chiwongolero, maso nditatsinzina, ndikuopa kutsegula, chifukwa sindinkadziwa ngati ndaima kuno kwa masamba kapena pamwamba pake. Ndinamva mapazi opanda nsapato akubwera. Nditatsegula diso limodzi ndinaona a Nambewe atagwada kutsogolo kwa tayala, mudzi wonse utasuzumira pamapewa awo. Tsamba limodzi la mango linali litatalikira kunja kwa nthambi, likunjenjemera ndi kutentha kwa disiki, ndipo pakati pa nsonga yake ndi tayala panali kampata koti nyerere imene inkafuna kudutsapo inayesa, inabwerera, inapuma mpweya wonse kuti ichepe, ndiye n'kudutsa chammbali. Koma inadutsa. Anthu onse anaiona.

Ndipo m'bokosi muja, pamapewa a madoda, munamveka kamodzi kokha: khe!

Onyamula anayang'anana, koma palibe amene anaponya pansi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti a Gelesomu akatsokomola choncho ndiye kuti mlandu watha.

A Nambewe anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, anabwera pa windo. Maso awo anali otupa ndi kulira. Ndinkadikira kuti anene za tsamba, kapena za ukwati, koma iwo anayang'ana pansi pomwe panali mapazi anga atakanirirabe pa buleki.

"Anakupoperani ndani?"

"Ndekha, mayi."

Anatsegula chitseko.

"Tsikani," anatero. "Vulani chipewa. Bokosi likufuna phewa kumanzere uko."

Inu anyamata simunakwatire, simungadziwe. Munthu amene wachotsedwa pamudzi saloledwa kukhudza bokosi la mwini mbumba. Ndinatsika, mdoda wina anandipatsa malo, ndinalowetsa phewa, ndipo a Gelesomu, amene ali moyo ankalemera ngati mtolo wa udzu, tsiku limenelo anandikanikiza dala njira yonse mpaka kumanda. Sindinadandaule. Ndinalira kuposa onse, ndipo anthu ankati mkamwini uyu ankawakonda atsibweni.

Titachoka kumanda ndinabwera kuti ndiisunthe galimoto pamsewu. Inakana. Mabuleki anali atagwira ndipo sanafune kusiya. Tinamanga ng'ombe za m'mudzi wonse, magoli anathyoka. Inabwera thalakitala, inazungulira matayala mpaka inadzikwirira yokha. Pomaliza a zamisewu anaona kuti n'kosavuta kukhotetsa msewu kusiyana n'kusuntha Kamvuluvulu, n'chifukwa chake pano pali kona. Nthambi ya mango ija palibe anayerekeza kuichotsa, inamera mizu, ndi mtengo uno mwakhala pamthunzi wakewu. Ine galaji ya ku Katete ndinaisiya, ndinamanga nyumba iyo, ndipo amene mukuwaona akupeta mtedza pakhondepo ndi a Nambewe. Musawafunse za nkhaniyi, akamva za galimoto mutu umawapweteka.

Ndikudziwa zimene ansanje amanena. Amati poponda moto ndi buleki nthawi imodzi petulo anathera pamwamba pa chitunda, injini inazima, galimoto inangotsetsereka yokha n'kudzatitimira mumchenga wa pansi pano. Chabwino. Thanki inali youma, sindikukana, koma inauma chifukwa buleki inafinya petulo yense. Mchenga ulipo, mukuuponda, koma funsani akuluakulu, kale pano panali thanthwe, analipera ndi matayala anga. Amatinso chulu chinali chofiira chikhalire. Nanga mano angawa, nawonso anali osowa chikhalire?

Dzukani nonse. Iwe wa chisoti, pita kumbuyo, enanu m'mbali. Chenjerani ndi mazira ali pampandowo, ndi a Nambewe. Kankhani! Kankhani ndithu, mwadya chiyani kodi? Akasuntha ngakhale kampata ka nyerere kaja, munditche wabodza pamsika wa Vubwi ine ndili pomwepo. Mwaona? Akadagwirabe. Mabuleki a mpikisano amenewo, osati apakati.

Ukufunsa ngati sangamasulidwe? Angamasulidwe, kanati kake ndikukadziwa, sipanala ili m'nyumba. Koma ndakuuzani kale kuti imeneyo ndi ntchito ya anthu awiri, ndipo a Nambewe ananena tsiku lomwelo kuti mwendo wawo sudzapondanso pamenepo. Ine sindinawafunsenso kachiwiri.